Mphunzitsi Ndi Yemweyo, Chasiyana Ndi Mpanda

M'mamawa ku Kawe, m'boma la Kinondoni mumzinda wa Dar es Salaam, ana amapita kusukulu m'magulu awiri. Gulu loyamba limatengedwa pageti ndi mabasi achikasu amene amazungulira m'misewu ya Mbezi Beach dzuwa lisanatuluke. Gulu lachiwiri limatuluka wapansi m'tinjira ta Ukwamani ndi Mzimuni, ena atanyamula tsache ndi kachigubu ka madzi, ena akukankhana ndi makondakitala a daladala amene safuna mwana wasukulu chifukwa amalipira ndalama yochepa. Sukulu za gulu lachiwirili anthu a mumzindawu anazipatsa dzina lachipongwe, amati shule za Kayumba, ndipo dzinali likatchulidwa aliyense amadziwa kuti akunena sukulu ya mwana wa mmphawi.

Amalawi ambiri amene amagwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ya ku Mbezi Beach, omwe eni dziko amawatchula kuti Wanyasa, amaona magulu awiriwa tsiku ndi tsiku. Iwo ndiwo amasita yunifolomu ya mwana wa bwana, ndiwo amamva mwanayo akuyankhula Chingerezi asanathe n'komwe kumanga nsapato. Akaimba foni kwawo ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi n'kumva kuti mwana wawo wa Sitandade 5 sakutha kuwerenga kalata, mtima umawawa, ndipo chigamulo sichichedwa: mphunzitsi wa pulayiveti ndi wakhama, wa boma ndi waulesi. Chigamulo chomwechi chimamveka ku Chipata, ku Kanyama mu Lusaka, ku Ulongwe m'boma la Angónia ndi pakati pa Amalawi a ku Johannesburg. Chili ndi mwana wake: boma lipereke sukulu zake kwa makampani ndi mabungwe kuti aziyendetsa, mphunzitsi azilembedwa pa kontirakiti, akalephera azichotsedwa mawa lomwe. Ena amene anawerengako za ku America amawonjezera dzina, amati mankhwala ake ndi ma charter school. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akadzasanduka lamulo amene adzalire ndi mwana wa ku Ukwamani yemweyo amene akuti akumumvera chisoni.

Dzinalo liyambe lamveka. Charter school ndi sukulu imene ndalama zake zimachokera ku boma, mwana salipira fizi, koma woyendetsa ndi bungwe kapena kampani imene yasainirana pangano ndi boma. Lamulo loyamba lololeza sukulu zotere linakhazikitsidwa ku Minnesota mu 1991. Mmodzi mwa amene anayamba kulimbikitsa ganizoli mu 1988 anali Albert Shanker, mtsogoleri wa bungwe la aphunzitsi, yemwe ankafuna sukulu zoyendetsedwa ndi aphunzitsi eni ake, zoyeseramo njira zatsopano zothandizira ana ovutika kumva. Pasanapite zaka zambiri iye mwini analifulatira ganizolo ataona kuti amalonda alilowerera. Lero aphunzitsi ambiri a m'sukuluzi sali m'bungwe lililonse lowayankhulira, ndipo amasiya ntchito msanga kuposa anzawo a m'sukulu zaboma. Pa makhozedwe a ana, kafukufuku wa CREDO wa ku yunivesite ya Stanford anapeza mu 2009 kuti pa masamu sukulu 17 mwa 100 zilizonse zinkaposa zaboma, 37 zinkachepekera, ndipo zotsalazo sizinkasiyana nazo. Kafukufuku wa bungwe lomwelo wa mu 2023 anapeza kuti zakwera ndipo zikuposa zaboma pang'ono. Patatha zaka zoposa 30 za mkangano, zimene olimbikitsa sukuluzi angaloze ndi pang'ono pomwepo.

Ku Kawe kulibe sukulu yotchedwa dzina limeneli, koma abale ake awiri alipo m'maiko onse a kuno. Woyamba ndi sukulu ya pulayiveti yolipira. Ku Tanzania lamulo la mu 1969 linaika sukulu za mishoni m'manja mwa boma, kuphatikizapo ya Pugu kumene Julius Nyerere ankaphunzitsa asanasiye choko mu 1955. Khomo la eni sukulu linatsegukanso kwathunthu ndi ndondomeko ya maphunziro ya mu 1995, ndipo kuyambira pamenepo sukulu zophunzitsa m'Chingerezi zamera ngati bowa. Mbale wachiwiri, amene amafanana kwambiri ndi charter school, ndi sukulu ya mpingo yothandizidwa ndi boma, monga Marist ku Dedza, St Mary's ku Zomba, Marymount ku Mzuzu, William Murray ku Nkhoma, kapena St Monica's ku Chipata. Amene akufuna kuyerekeza aphunzitsi ayambire pa abale awiriwa, asathamangire ku Minnesota.

Funso loyamba n'lakuti: kodi mphunzitsi wa pulayivetiyo anachokera kuti? Sanagwe kumwamba. Anaphunzira ku yunivesite ya Dar es Salaam, ku Chang'ombe, ku Domasi, ku Chalimbana, pa benchi imodzi ndi mnzake amene lero akunyozedwa. Chimene chinawasiyanitsa si nzeru kapena khama, koma chaka chimene anamaliza maphunziro. Ku Tanzania boma linkalemba ntchito pafupifupi mphunzitsi aliyense wotuluka m'koleji kufikira cha m'ma 2015. Mu 2016 boma la John Magufuli linaimitsa kaye kulemba anthu ntchito pofuna kusesa maina a ogwira ntchito a mizukwa, ndipo kuyambira pamenepo mzere wa aphunzitsi odikira wakhala ukutalika, mpaka mu 2025 iwo anapanga gulu lawo lotchedwa NETO kuti boma liwamve. Ku Malawi omaliza maphunziro a IPTE akhala akudikira zaka asanaitanidwe, ena n'kulembedwa ngati aphunzitsi ongothandizira pa malipiro ochepa. Mzere umenewu ndiwo dziwe limene eni sukulu za pulayiveti amawedzamo.

Ndipo khomo la boma likatseguka, anthuwa amathamangira kuti? Mu 2022 boma la Hakainde Hichilema linalemba aphunzitsi 30,496 pa nthawi imodzi, ofunsira anaposa 100,000, ndipo pakati pawo panali ambiri amene ankaphunzitsa kale m'sukulu za pulayiveti. Anasiya matailosi ndi mabasi a mu Lusaka n'kuvomera kupita kumidzi kopanda magetsi. Munthu sathawa pabwino. Ngati mphunzitsi wa pulayiveti ndi wakhama ndipo wa boma ndi waulesi, ndiye kuti anthu amenewa anagona ali akhama n'kudzuka ali aulesi tsiku limene kalata ya unduna inafika. Palibe munthu wanzeru amene angavomereze zimenezo. Munthu ndi yemweyo. Chimene chasintha ndi malo amene waimikidwa.

Funso lachiwiri n'lakuti: akuphunzitsa ana ati? Anthu a ku Kawe amakonda kufotokoza kuti dzina la dera lawo linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza njira ya ng'ombe, popeza ng'ombe zinkadutsa kumeneko popita ku fakitale ya nyama ya Tanganyika Packers, imene inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Ndi nthano ya pakamwa, koma ikukumbutsa chinthu chimene woweta aliyense amadziwa: wogula ng'ombe zonenepa pamsika sangadzitame kuti ndi mbusa wabwino. Sukulu ya pulayiveti imasefa katatu. Sefa woyamba ndi fizi, amene amatsekereza mwana wogona ndi njala, wopanda nyale yowerengera, amene makolo ake sanapite patali ndi sukulu. Sefa wachiwiri ndi mayeso olowera. Sefa wachitatu ndi wa m'kati: mwana amene sakufika pa malikisi amene sukulu yaika amauzidwa kuti abwereze kapena akafune malo kwina mayeso aboma asanafike. Boma la Tanzania laletsa mchitidwewu kangapo konse, ndipo kuletsa kobwerezabwerezako ndi umboni wakuti sunathe. Ku Malawi njira yake ndi kumulembetsa mwanayo ngati wolemba mayeso payekha kuti dzina la sukulu lisade. Mwana wotayidwayo amagwera ku sukulu yaboma, imene ilibe ufulu wokana aliyense. Zotsatira zikatuluka, wotaya mwana amaomberedwa m'manja, womutola amatukwanidwa.

M'dera limodzi lomweli la Kawe muli Feza Girls, imene kwa zaka zambiri inkaoneka pa mndandanda wa sukulu khumi zokhoza koposa m'dziko lonse, ndipo muli sekondale yaboma ya Kawe Ukwamani, imene imalandira ana a m'deralo monga abwerera. Kuika sukulu ziwiri zotere pa sikelo imodzi n'kunena kuti sikeloyo yayeza aphunzitsi ndi bodza lamkunkhuniza. Bungwe loyendetsa mayeso la NECTA linazindikira zimenezi, ndipo mu Januwale 2023 linaleka kulengeza sukulu khumi zotsogola ndi khumi zotsalira, ponena kuti si chilungamo kuyerekeza ana ophunzira m'malo osiyana ndiponso kuti mndandandawo unasanduka wotsatsira malonda a eni sukulu.

Umboni woposa wonse uli m'sukulu zimene olimbikitsa kontirakiti sakonda kuzitchula. Ku Tanzania kuli Ilboru, Mzumbe, Kibaha, Tabora Boys ndi Kilakala. Zonsezi ndi zaboma, aphunzitsi ake ndi a boma, malipiro awo ndi omwewo a mphunzitsi wa ku Ukwamani, ndipo palibe mwini sukulu wowaopseza. Komabe pa mayeso a Fomu 6 zimapikisana ndi sukulu za pulayiveti zodula kwambiri, chifukwa zimalandira ana osankhidwa m'dziko lonse. Ku Malawi nkhani ndi yomweyo. Sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma zimatsogola pa MSCE chaka ndi chaka, pamene aphunzitsi ake ambiri amalandira malipiro kuchokera ku unduna womwewo umene umalipira mphunzitsi wa pa CDSS ya kumudzi. Ali ndi penshoni, ali ndi ufulu wolowa Teachers Union of Malawi, sangachotsedwe ndi mawu a munthu mmodzi. Ngati chitetezo cha pantchito chikanakhala mayi wa ulesi, Marist ndi St Mary's zikanakhala kumchira. Zimene zili nazo ndi ana osankhidwa, malo ogona, laibulale, labotale ndi mphunzitsi wamkulu amene ali ndi womuyang'anira. CDSS, imene inabadwa mu 1998 kuchokera ku masukulu a MCDE, inapatsidwa dzina la sekondale isanapatsidwe zipangizo za sekondale, ndipo kwa zaka zambiri inkadalira aphunzitsi amene anaphunzira za kupulayimale.

Apa ndi pofunika kukumbukira katundu amene mphunzitsi wa boma anasenzetsedwa. Chigamulo cha ku Musoma cha mu 1974 chinalamula kuti mwana aliyense wa ku Tanzania akhale pasukulu pofika 1977, ndipo achinyamata omaliza Sitandade 7 anaitanidwa kudzaphunzitsa. Pamene sekondale za m'mawodi zinkamangidwa mwaliwiro mu ulamuliro wa Jakaya Kikwete, omaliza Fomu 6 anaphunzitsidwa uphunzitsi kwa milungu yowerengeka n'kutumizidwa m'makalasi, anthu n'kuwapatsa dzina loti voda fasta. Mu 2016 fizi inachotsedwa kufikira Fomu 4, ana anasefukira, pamene kulemba aphunzitsi kunali kutaimitsidwa. Ku Malawi, maphunziro aulere a mu 1994 a Bakili Muluzi anakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi pafupifupi 20,000 opanda maphunziro a uphunzitsi anaponyedwa m'makalasi. Zigamulo zonsezi zinali zabwino, chifukwa mwana wa mmphawi analowa pakhomo limene linali lotseka. Koma walira mvula walira matope, ndipo matopewo andale anamusiyira mphunzitsi. Voti anakolola ndi andale. Kalasi la ana 120 pansi pa mtengo anakolola ndi iye.

Pamwamba pa katunduyo panabwera kunyozedwa. Mu Febuluwale 2009 bwanamkubwa wa boma la Bukoba, Albert Mnali, analamula wapolisi kuti akwapule aphunzitsi chifukwa chochedwa ku ntchito ndi kulephera kwa ana pa mayeso. Kikwete anamuchotsa pa udindo, koma panali anthu ambiri amene anamuyamikira. Mu 2012 aphunzitsi a bungwe la CWT atanyanyala ntchito pofuna malipiro okwera, khoti linagamula kuti sitirakayo inali yosaloledwa. Mu 2016 Paul Makonda, ali bwanamkubwa wa Kinondoni, anagwirizana ndi eni daladala kuti aphunzitsi a sukulu zaboma azikwera ulere. Anthu anati ndi ulemu. Koma munthu wolemekezeka amapatsidwa malipiro okwanira kulipira yekha ulendo wake. Sauzidwa kuti aonetse chiphaso kwa kondakitala pamaso pa ana amene akukawaphunzitsa. Ku Malawi aphunzitsi anachita kunyanyala ntchito mu 2017 kuti alandire ndalama za tchuthi zimene zinali zawo kale. Kale mfumu ya mudzi inkanyamuka pampando kupereka moni kwa aphunzitsi. Lero katapila ndiye amadziwa bwino tsiku la malipiro awo.

Izi sizikutanthauza kuti mphunzitsi wa boma ndi woyera. Kafukufuku wa World Bank wa mu 2014 anapeza kuti ku Tanzania, pa ulendo wodzidzimutsa, pafupifupi theka la aphunzitsi sanali m'kalasi pa nthawi yophunzitsa, ngakhale ambiri mwa iwo anali pasukulu pomwepo. Ku Mozambique zinali zoipa kuposa apo. Alipo amene amasunga phunziro lenileni kuti akaligulitse madzulo pa maphunziro apadera olipira. Alipo oledzera m'mawa. Alipo, ndipo ichi ndi chonyansa koposa, amene amapereka mimba kwa ana a sukulu, chilango chawo n'kukhala kusamutsidwira kumudzi kumene kuli ana ena opanda owateteza. Woteteza mphunzitsi wa boma pobisa zimenezi ndi mdani wa mwana. Koma taonani chimene chiwerengero cha ku Tanzania chikunena: munthuyo wafika pasukulu, wakhala mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo palibe amene wamufunsa chifukwa chake sali m'kalasi. Vuto limenelo ndi la uyang'aniri. Mphunzitsi wamkulu alibe mphamvu, woyendera sukulu alibe mafuta a njinga yamoto, wakhama ndi waulesi amakwezedwa tsiku limodzi. Matenda amenewa ali ndi mankhwala ake, ndipo mankhwalawo safuna kugulitsa sukulu.

Bungwe la Twaweza linayesa zimenezi m'sukulu zaboma 350 za ku Tanzania pa ntchito yotchedwa KiuFunza. Sukulu zina zinapatsidwa ndalama za zipangizo zokha, zina bonasi ya aphunzitsi yokha potengera kukhoza kwa ana, zina zonse ziwiri. Ndalama zokha sizinasinthe makhozedwe. Pamene zinthu zinasintha moonekeratu ndi pamene zipangizo ndi bonasi zinabwera limodzi. Aphunzitsi anali omwewo, a boma, a penshoni, a m'bungwe. Palibe amene anachotsedwa ntchito kuti ana ayambe kuwerenga.

Tsopano mpanda wa pulayiveti usuzumiridwe m'kati, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sukulu zochepa zodula zimalipira bwino, ndipo izo ndizo zimaoneka pa zikwangwani. Zambiri ndi za m'nyumba zosandutsidwa makalasi, kumene mphunzitsi amalandira zochepa kuposa wa boma, nthawi zina popanda kalata ya ntchito, popanda malipiro a mwezi wa tchuthi, ndalama ya penshoni ikudulidwa koma osafika kumene ikuyenera kupita. Mayi akatenga pakati amadziwa kuti akadzabwerako adzapeza wina pa desiki yake. Ana akalephera, iye ndiye woyamba kuloza njira. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi a boma ku Tanzania, ku Malawi ndi ku Zambia anapitiriza kulandira malipiro, pamene anzawo ambiri a pulayiveti anadulidwa theka kapena kusiyidwa manja lende. Chimene kholo limachitcha khama kawirikawiri ndi mantha. Mantha amafikitsa munthu pa ntchito nthawi yabwino, izi n'zoona. Koma mantha omwewo amaphunzitsa munthu kuloweza ana mayankho a mayeso akale, kubisa mwana wofooka, ndi kuthawa mpata woyamba ukapezeka. Chichewa chili ndi mawu a munthu wolembedwa lero n'kuchotsedwa mawa: ndi waganyu. Waganyu amalima ndime yake msanga, koma sabzala mtengo m'munda wa mwini.

Kumene ganizo la kontirakiti layesedwa mokwanira, zotsatira zake zilipo zoti munthu aziwerenge. Ku New Orleans, chimphepo cha Katrina chitawononga mzinda mu 2005, ogwira ntchito m'sukulu oposa 7,000 anachotsedwa, ambiri mwa iwo anthu akuda amene anaphunzitsa m'madera awo kwa zaka zambiri, ndipo sukulu zinaperekedwa kwa mabungwe. Makhozedwe anakwera, koma ndalama zoperekedwa pa mwana aliyense zinakweranso, ndipo m'malo mwa aphunzitsi akale munalowa achinyamata ochokera kutali amene ambiri sankakhalitsa. Ku Liberia, mu 2016 boma la Ellen Johnson Sirleaf linapereka sukulu 93 kwa mabungwe 8. Ofufuza anapeza kuti ana anapindulako, koma pa mtengo wokwera kuposa umene boma linkawononga, ndipo kampani ya Bridge International Academies inachepetsa makalasi pochotsa ana ndi kubweza aphunzitsi ambiri amene inawapeza. Anawo ndi aphunzitsiwo sanasungunuke. Anakagwera m'sukulu zaboma zoyandikana. Njira ya Bridge, imene inayambira ku Kenya, ndi yakuti mphunzitsi aziwerenga phunziro lolembedwa kale pa tabuleti, liwu ndi liwu. Kumeneko ndiko kumathera msewu umenewu: munthu wotsika mtengo, wosavuta kusintha, wonena mawu a wina.

Patsala chinthu chimodzi chimene chimasokoneza makolo kuposa zonse, ndicho chiyankhulo. Ku Tanzania mwana wa sukulu yaboma amaphunzira m'Chiswahili kupulayimale konse, kenaka pa Fomu 1 maphunziro onse amatembenukira ku Chingerezi. Mwana wa basi yachikasu wakhala akumva Chingerezicho kuyambira ku nazale. Mayeso a Fomu 4 amayeza chiyankhulo asanayeze sayansi, motero mphunzitsi wa ku Ukwamani amaphunzitsa zinthu ziwiri pa nthawi ya chimodzi. Komiti ya Jackson Makweta inalangiza mu 1982 kuti Chiswahili chifike mpaka kusekondale, koma langizolo linaikidwa pambali. Katswiri wa ziyankhulo Martha Qorro anathera zaka zambiri akufotokoza kuti kuphunzitsa Chingerezi bwino ndi kuphunzitsa m'Chingerezi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuti chachiwiricho chimapha choyambacho pamene mphunzitsi ndi mwana onse akuchita kupapasa mawu. Ku Tete, ntchito yoyeserera ya PEBIMO ya pakati pa 1993 ndi 1997 inaphunzitsa ana m'Chinyanja asanalowe m'Chipwitikizi, ndipo makalasi amene kale munali zii anayamba kufunsa ndi kuyankha. Koma Malawi, ndi lamulo la maphunziro la mu 2013, anasankha kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1.

Kholo losauka silingayeze ngati mwana wamvetsa kugawa manambala, koma limamva akapereka moni wa Chingerezi. Eni sukulu amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake sukulu zambiri za ku Dar es Salaam zakhala zikufuna aphunzitsi a ku Kenya ndi ku Uganda, n'chifukwa chake pamakoma pamalembedwa kuti chiyankhulo cha makolo n'choletsedwa, n'chifukwa chake mwana woyankhula Chichewa pabwalo la sukulu ku Lilongwe amalangidwa ngati waba. Matendawa ndi akale. Kamuzu Banda atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, anaitanitsa aphunzitsi achizungu, poona kuti Mmalawi sangakwanitse kuphunzitsa pamenepo. Mawu akuti mphunzitsi wa boma ndi wosathandiza ndi mdzukulu wa maganizo amenewo: chakwathu n'chachabe, chabwino chimayankhula ndi m'mphuno.

Choncho makolo a ku Kawe, a ku Ndirande, a ku Chipata ndi a ku Lichinga ali ndi zoyenera kufunsa, ndipo si zakuti sukulu igulitsidwe. Afunse kuti aphunzitsi amene ali pa mzere alembedwe kuti kalasi litsike kufika pa chiwerengero chimene munthu mmodzi angathe kuchongera makope. Afunse malipiro a nthawi yake ndi nyumba kumidzi. Afunse kuti woyendera sukulu afike mosalengeza, kuti mphunzitsi wamkulu akhale ndi mphamvu yolanga wojomba, ndi kuti wogona ndi mwana wa sukulu apite ku khoti ndipo chiphaso chake chilandidwe. Mabungwe a aphunzitsi, CWT ndi TUM, ngati akufuna kuti anthu awakhulupirire, akhale oyamba kutulutsa anthu otere pakati pawo. Kwa mphunzitsi wa pulayiveti afunse kalata ya ntchito, penshoni yofika, tchuthi cha uchembere ndi ufulu wolowa bungwe popanda kuopa geti. Ndipo sukulu iliyonse, ya mpingo, ya kampani kapena ya bungwe, imene ikufuna ndalama ya msonkho, ilandire mwana aliyense wa m'deralo monga imachitira yaboma, ndipo isanapachike zotsatira zake pachipata ilembe manambala awiri: ana amene analowa Fomu 1, ndi ana amene anafika polemba mayeso a Fomu 4. Mwini sukulu amene angakane kulemba manambala awiriwo wayankha kale funso lonse.

Madzulo ku Kawe, aphunzitsi awiri aja amatha kukumana mu daladala imodzi yopita ku Tegeta kapena ku Bunju, kumene lendi ndi yotsikirapo. Wina wanyamula makope 30 ndi nkhawa yakuti kontirakiti yake ikutha mu Disembala. Wina wanyamula makope 200 ndipo chaka chatha palibe wamkulu amene analowa m'kalasi mwake kudzaona ngati akuphunzitsa. Onse anaphunzira pa koleji imodzi, ndipo boma likadzalengeza malo a ntchito woyambayo adzakhala pa mzere wofuna kukhala ngati wachiwiriyo. Amene akuwayambanitsa anthu awiriwa ali ndi chifukwa chake: malinga ngati kholo likuloza mphunzitsi, palibe amene akufunsa nduna kuti desiki ya mwana wa ku Mzimuni ili kuti, ndipo palibe amene akufunsa mwini sukulu kuti ana amene anasowa pakati pa Fomu 2 ndi Fomu 4 anapita kuti.